Mpando Wanga Kumbuyo kwa Wendell

Lolemba, 12 Sepitembala

Tafika ku Gold Beach cha m'ma 3 koloko. Malo nambala 14 pamsasa wa makalavani, moyang'anizana ndi zimbudzi ngati kale, chifukwa mwamuna wanga W. akamasungitsa malo pafoni safunsa kanthu. Kubweza kalavani m'mbuyo kwatitengera mphindi 20 ndi kukalipirana kawiri. Ine kumbuyo ndikukupiza manja, iye akuyang'ana pagalasi lolakwika. Zaka 41 tili m'banja, ntchito imeneyi sitinaigwirepo mwamtendere.

Titalumikiza magetsi ndi madzi, watsitsa chitseko chakumbuyo n'kutulutsa Maxine. Njinga yamoto, koma m'nyumba muno palibe amene amaitchula choncho. Ndi Maxine, mkazi mnzanga, wolemera mapaundi 900, ndipo ali ndi chipinda chakechake kumbuyo kwa kalavani pamene ine zovala zanga zonse zili m'kabati imodzi. Tinagulitsa nyumba ya ku Yakima zaka 6 zapitazo kuti tizikhala chonchi: kukoka nyumba ndi pikapu, kuiimika sabata imodzi kapena awiri, n'kumazungulira misewu ya m'mapiri ndi ya m'mbali mwa nyanja, Wendell kutsogolo, ine kumbuyo kwake.

Pakhoma la chipinda cha Maxine pali mizere iwiri yakuda. Anaijambula yekha. Atamuchita opaleshoni ya bondo chaka chatha, mwana wathu Shawna anamulumbiritsa kuti njinga ikadzagwa katatu, kiyi apereke. Anagwirana chanza ine ndikuona. W. wagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi zaka 30 ndipo sanama, ngakhale pa zinthu zimene palibe akanadziwa. Inagwa mu Julaye ku Idaho pomwetsera mafuta, anajambula mzere n'kuimbira Shawna. Inagwanso mu Ogasiti poimika magalimoto, anajambula wachiwiri n'kuimbanso.

Iye akuti ndi bondo. Si bondo. Ndine.

Ndalemba tsopano. Kuyambira Malichi, mutu wanga ukangopendekeka, dziko limazungulira. Chizungulire chimenechi ndimachitcha Mlendo, chifukwa chimabwera osaitanidwa. Dokotala wa makutu anati mtsempha wa m'khutu lamanzere, umene umauza thupi kuti pansi n'kuti, unafa ndipo sudzadzukanso. Galimoto ndingayendetse bola mutu uli chilili. Njinga yamoto ayi. Kalata yake ili m'chitini cha mabatani, mmene W. sanatsegulemo chibadwire.

Wokwera kumbuyo ali ndi ntchito imodzi, kukhala ngati thumba la mbatata, kupita kumene woyendetsa akupita. Kawiri konseko njinga inali ikuyenda pang'onopang'ono, Mlendo anabwera, thupi langa linadzidzimukira mbali yolakwika.

Ndikanena, mizere ifufutidwa, W. apitiriza kukwera, koma yekha. Ndikapanda kunena, mzere wachitatu ukubwera. Njira zonse ziwiri ndaziyang'ana mpaka kutopa, ndipo palibe imene ndimakhalabe pampando wanga.

Lachiwiri, 13 Sepitembala

M'mawa uliwonse amagwira tebulo la panja n'kumanyonyomala ndi kudzuka ka 30, akulitukwana bondo. "Dzuka, galu iwe. Ndinakulipirira." Ine ndili pawindo ndikukazinga mazira. Ndawapsereza.

Talowa msewu wotsata mtsinje wa Rogue kukwera kumapiri mpaka ku Agness. Mwambo wathu sunasinthe. Iye amaponda mapazi onse pansi n'kunena kuti, "Kwera, dona." Ine ndimamugunda paphewa kawiri, ndakhala. Tinayesapo timawayilesi ta m'chisoti sabata imodzi, tinatsala pang'ono kusiyana banja. Ndiye timalankhula ndi manja. Akaona chinthu chokongola amachotsa dzanja lamanzere pahandulo n'kundisisita bondo, ine ndimamufinya m'chiuno kusonyeza kuti ndaona. Tikamakumana ndi okwera anzathu, kupereka moni ndi ntchito yanga, zala ziwiri kuloza pansi. Ndapereka moni umenewu kwa anthu masauzande amene nkhope zawo sindinazione.

Lero ndinatsinzina kuyambira pokhota poyamba. Ndapeza kuti ndikakanikiza chisoti pamsana pake n'kutseka maso, Mlendo amachedwa kubwera. Anandisisita bondo kasanu. Ndinamufinya kasanu. Mtsinje sindinauone.

Pa nkhomaliro, tikudya payi wa mabulosi akuda, anati, "Unaona ziwombankhanga zija pamtengo wouma?"

Ndinati ndinaona.

"Zingati?"

"Zingapo ndithu."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako n'kupempha khofi wina. Pobwerera sanandisisite bondo mpaka titatsala pang'ono kufika.

Lachitatu, 14 Sepitembala

Chifunga tsiku lonse, sitinatuluke. Ndinasangalala, kenako ndinachita manyazi ndi kusangalalako.

Lachinayi, 15 Sepitembala

Pamalo nambala 15 pafika mayi wina, Marisela Quiroga, wa ku Fresno. Ali yekha, ndi kagalimoto kogonamo ndi kanjinga kopepuka kofiira. Akuti waphunzitsa anthu kukwera njinga zamoto zaka 20. Mawu ake ndi aakulu kuposa thupi. W. anamukonda nthawi yomweyo chifukwa anagwada n'kuyang'ana matayala a Maxine asanatifunse mayina.

Masana tinapita naye ku Brookings, ife patsogolo, iye pambuyo. Ndikanadziwa ndikanati atsogole.

Madzulo anandipeza m'chipinda chochapira zovala. Anatseka chitseko ndi phazi.

"Glenda, ndinene kapena ndikhale chete?"

"Wayamba kale."

"Mwamuna wako akamakhota, njinga imagona, iye amagona nayo. Iwe umakhala njo ngati uli m'tchalitchi. Kenako umadzidzimuka n'kugwera mbali ina. Munthu uja akulimbana ndi zinthu ziwiri, msewu ndi iwe."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinati, "Ine ndinayamba kukhala kumbuyo kwa munthu ameneyu iwe usanamalize sukulu."

"Ndiye ukudziwa kuti sindikunama. Ndi maso kapena khutu?"

Ndinapinda buluku la W. katatu, lomwelomwelo. Ndinati khutu.

"Akudziwa?"

Ndinatenga malaya ena n'kuyamba kupinda. Makina ochapira anali akuzungulira kutsogolo kwanga ndipo ndinayang'ana kumbali, chifukwa nawonso amaitana Mlendo.

Anati, "Ine sindilowerera za m'banja mwa anthu, langa lomwe linandikanika. Koma misewu ya kuno ilibe udzu m'mbali. Kuli thanthwe, kenako madzi."

Ndikudana naye. Palibe mawu amodzi amene ananama.

Lachisanu, 16 Sepitembala

Kumapeto kwa msasa kuli mdala wina ali ndi njinga yamoto ya matayala atatu. W. wakhala akuzinyoza zimenezi moyo wake wonse, amazitcha wilibala ya nkhalamba. Lero ndamuona ataima pamenepo akucheza ndi mwini wake, manja m'thumba. Kenako anabwera kudzatenga tepi, anakayeza wilibala ija, n'kudzayeza khomo la chipinda cha Maxine. Anayeza kawiri.

"Singalowe," anatero. "Mainchesi anayi."

Kalavani ina sitingagule, ndalama za nyumba zinathera pa iyi. Anabweza tepi m'dirowa n'kukhala pansi, akusisita bondo ngati mwana wodwala. Munthu wafika poyeza wilibala chifukwa cha ine, ndipo ine ndinamufunsa ngati akufuna tiyi.

Shawna anaimba ndili ndekha. "Amayi, Adadi akundiuza zonse? Sinagwenso?"

Ndinati, "Bambo ako sanama." Chimenechi chokha ndicho choona chimene ndanena sabata ino.

Mawa akuti kuwala. W. wayala kale mapu patebulo.

Loweruka, 17 Sepitembala

Yagwa.

Ndilembe bwinobwino mmene zinakhalira, chifukwa palibenso wina amene akudziwa. Tinanyamuka cha m'ma 10, kumwamba kopanda kamtambo, msewu wa 101 kulowera kum'mwera. Maso ndinatseka ngati kale. Patapita kanthawi ndinamva akuchepetsa liwiro, matayala akuponda timiyala. Kanali kamalo koimapo pamwamba pa phompho, kotsetsereka pang'ono. Anayamba kuzungulira pang'onopang'ono kuti ayang'anitse njinga kumsewu, ndipo ali mkati mokhota anandisisita bondo. Sachita zimenezo akukhota, ndiye chinali chinthu chokongola zedi.

Ndinafuna kuona. Basi, palibe chifukwa china. Ndatopa kufinya munthu m'chiuno pa zinthu zimene sindinaone. Ndinatsegula maso n'kutembenuza mutu. Ndinaona thanthwe lalikulu lobooka pakati litaima m'madzi, mafunde akudutsa pabowopo, oyera mbee. Kenako thanthwe, madzi ndi kumwamba zinasinthana malo. Ndinamukoka jekete ndi manja onse n'kutulutsa mwendo kufuna pansi, chinthu chimene ndinaphunzira kusachita ndili ndi zaka 26.

Tinagwera kumanzere. Ine ndinagubuduka, chigongono chasupuka, basi. Mwendo wake unali pansi pa njinga, koma chitsulo choteteza injini chinamupulumutsa. Anadzikoka n'kukwawira pamene ndinali.

"Wavulala? Gwedeza zala. Ndiyang'ane."

Ndinati ndili bwino. Ndinkamuona awiri.

Anayesa kuidzutsa yekha, msana pampando, manja kumbuyo, mmene amaphunzitsira anzake. Pamtsetse paja Maxine sanasunthe. Anayesa katatu mpaka nkhope inafiira. Bambo wina amene ankajambula nyanja ndi mkazi wake anabwera kudzathandiza, ndipo atatu anaiimika. Bamboyo anamumenya W. paphewa n'kuti, "Zimachitika, agogo." Sanamunenepo munthu choncho.

W. anayang'ana galasi losweka, anayang'ana penti yokalika. Anati, "Yagwa katatu."

Mawu anali pakamwa panga, ndinawamva kukoma kwake. Iye anati, "Kwera, dona," ndipo ndinakwera n'kumugunda paphewa kawiri.

Titafika, asanavule n'chisoti chomwe, analowa m'chipinda cha Maxine n'kujambula mzere wachitatu. Wowongoka bwino ngati iwiri ija. Marisela anali pakhomo pa kagalimoto kake, anaona galasi, anandiyang'ana. Ine ndinalowa m'nyumba n'kuteleka supu.

Lamulungu, 18 Sepitembala

Wamutsuka Maxine m'mawa wonse. Ndowa ziwiri, kansalu kofewa, mswachi wakale wa masipoko. Wapukuta ndi malo amene munthu sangaone pokhapokha atagona pansi. Atamaliza anaika kiyi mu envelopu, kunyambita, kumata, n'kulemba dzina la Shawna ngati ikupita pa positi.

Anamuimbira ine ndili pomwepo. "Mwana wanga, bondo landigulitsa. Bwera udzatenge." Shawna abwera Lachitatu kuchokera ku Medford. Ndinamva akulira pafoni, W. n'kumamutonthoza, kuti pangano ndi pangano, kuti anayenda mokwanira.

Nkhomaliro sanadye. Anati, "Pepa, dona. Ndikanakuvulaza dzulo." Akupepesa ine.

Bukuli ndi langa, ndiye ndilembe chinthu chonyansa. Lero masana, ndikuyang'ana envelopu ija patebulo, mtima wanga unakhala pansi koyamba kuyambira Malichi. Ndinaganiza kuti basi zatha, tatsika tonse awiri limodzi, palibe wosiya mnzake. Sindidzaima pakhomo la kalavani kumvetsera injini ikupita kutali. Ndi bwino aitaye kusiyana n'kuti aikwere popanda ine. Ndimo mmene ndilili, kani. Zaka 68 ndimadziyesa munthu wabwino.

Ndikangokhala chete masiku atatu, zitheka zokha.

Lolemba, 19 Sepitembala

Marisela wanyamuka m'mawa. Asanapite, W. anamupatsa mapu ake onse a kugombe kuno, aja anawalemba ndi cholembera chachikasu kwa zaka 6, ndi timawu take m'mbali: apa pali timiyala, apa payi wabwino, apa G. analira. (Ndinalira ndithu, pakati pa mitengo italiitali ija kum'mwera kwa Crescent City, chaka choyamba.) Anamufunsanso ngati akudziwa munthu wosamala zinthu amene angagule Maxine. Marisela anati aganiza.

Ndinamuperekeza pageti chifukwa ndinalibe pothawira. Anatsitsa galasi.

"Ndaona anthu ambiri akugwetsa njinga, Glenda. Wogwetsa mwamuna wake n'kukamuphikira supu ndiwe woyamba."

Ndinati ayende bwino. Mapu anandibwezera pawindo, akuti ndimusungire mwini wake. Ndawabisa pansi pa matiresi. Nyumba ino yadzaza ndi zinthu zimene ndabisa.

Masana onse W. wakhala pampando wopinda, panja, moyang'ana kumsewu. M'misasa yonse muli madala otere, amakhala pansi pa kansalu ka mthunzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo W. ankati akudikira bokosi. Lero wakhala chimodzimodzi, manja pamimba. Njinga ikadutsa pa 101 amatchula mtundu wake pongomva kulira, motsitsa mawu, osauza munthu. Mdala wa wilibala uja anabwera kudzamuitanira makhadi, ndipo W. anapita. Makhadi amadana nawo.

Ndinamuyang'ana kumsana akuyenda. Msana umenewu ndimaudziwa kuposa nkhope yake. Wapindika m'masiku awiri.

Lachiwiri, 20 Sepitembala

Ndinatsegula chitini cha mabatani, ndinaika kalata ya dokotala pambale yake m'malo mwa mazira, n'kukhala pansi.

Anafunafuna magalasi. Anawerenga mpaka pansi, anabwerera pamwamba. Chala chake chinaima padeti.

"Malichi."

"Eya."

"Ku Idaho kuja?"

"Ndine. Mu Ogasiti ndine. Loweruka ndine. Bondo lako lilibe mlandu."

Ndimayembekeza kuti akalipa, ndinali nditakonzeka. W. akakwiya amamenya tebulo n'kutuluka, pakatha ola amabwera ndi ayisikilimu. Lero anangovula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

Anati, "Chiwombankhanga chija chinali chimodzi."

"Ndinatsinzina."

"Ine ndimayesa watopa nane. Ndimayesa ukungogona kumbuyoko, ukundifinya mwa chizolowezi." Anaika magalasi patebulo. "Ndikanakupha pamsewu wa kumtsinje uja, Glenda. Ndikanakukwirira, n'kukhala masiku anga onse ndikuti ndi bondo."

Ndinati ndikudziwa. Ndinamuuzanso za Lamulungu, zoti ndinasangalala ndi envelopu. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena, mwina ndimafuna amenye tebulo. Sanamenye.

Patapita nthawi anati, "Chabwino. Envelopu yamatidwa kale. Tatsika tonse."

N'zimene ndinkafuna Lamulungu, koma atazinena sindinazifunenso. Ndinati, "Ayi. Nkhope imene ndinaiona dzulo pampando wopinda uja sindingadye nayo chakudya cham'mawa zaka khumi. Ukakhala pansi chifukwa cha bondo, udana ndi bondo. Ukakhala chifukwa cha ine, udana ndi ine, ndipo nyumba ino ndi yaing'ono."

"Ine wopanda iwe kumbuyo sindinayendepo kuyambira tili pachibwenzi."

"Uphunzira. Ndiwe mwana?"

Ndinatenga sipanala ya 10 m'bokosi lake n'kulowa kwa Maxine. Chotsamira changa chimagwidwa ndi mabawuti anayi. Chikopa chake chinalowa m'kati molingana ndi msana wanga. Ndinamasula atatu. Bawuti lachinayi lili pansi, pofunika kuwerama, ndipo nditawerama Mlendo anabwera ndi mphamvu zake zonse. Ndinapezeka ndakhala pansi, ndagwira tayala, ndikusanza m'ndowa yotsukira. Aka kanali koyamba W. kuona. Anaima pakhomo mpaka zitadutsa, anandipatsa madzi, anatenga sipanala m'manja mwanga n'kumasula bawuti lotsala.

Zopondera zanga zinali zikadali zotsitsa. Anazipinda msangamsanga, kwinaku ndi kwinaku. Kwa okwera njinga, zopondera zakumbuyo zotsitsa popanda munthu ndi za pamaliro, amati wanyamula mnzako amene wamwalira. Tonse tikudziwa.

Madzulo nditamupatsa khofi anati, "Zikomo." Zaka 41 sanandithokozepo pa khofi. Ndikanakonda akanandiponyera kapuyo.

Lachitatu, 21 Sepitembala

Shawna anafika cha m'ma 11 atanyamula chakudya cha sabata yonse, ngati kuli maliro. W. anamupatsa envelopu ndi kalata ya dokotala pamodzi, n'kupita kukataya zinyalala zimene zinali zisanadzaze.

Anawerenga ataimirira. "Amayi, miyezi 6? Ine ndakhala ndikuwazunza Adadi pafoni sabata iliyonse, inu muli pomwepo?" Analira, anakalipa, kenako anandikumbatira mwamphamvu mpaka chigongono chinayambanso kutuluka magazi. Akuti ku Medford kuli dokotala wina wabwino. Ndaonana kale ndi awiri, ndipo onse anajambula khutu lomwelo papepala.

Anatenga sipiriti ndi kansalu n'kukapukuta mizere ija. Inki yachoka koma pakhoma patsala mthunzi wotuwa, itatu yonse ikuoneka. Anang'amba envelopu n'kuika kiyi m'dzanja la bambo ake. W. anaigwira ngati yotentha.

Asanapite anati kuseri kwa nyumba yake kuli malo okwana kalavani, tikakhale kumeneko nyengo yozizira, mwinanso kupitirira. "Adadi azikwera masana, inu muzikhala ndi ine." Ananena mwachikondi. Ndinaona mpando wopinda uja, koma tsopano wokhalapo ndine.

W. akundilankhula mwaulemu, ngati ndine mkazi wa mnzake. Mapu ndawachotsa pansi pa matiresi n'kuwaika patebulo. Sanafunse kuti abwera bwanji.

Chotsamira sindikudziwa pochiika. Pakali pano chili m'bafa.

Lachinayi, 22 Sepitembala

Tsiku losamuka. Masiku otere Maxine amamangidwa m'chipinda chake, ife awiri m'pikapu, kusinthana chiwongolero. Lero W. atayamba kukoka malamba omangira ndinati asiye, akwere, nyumba ndikoka ndine. Msewu wake ndi waukulu ndipo mutu ukhala chilili. Anayang'ana pansi, anati chabwino, tikumana ku Crescent City, aziyenda pang'onopang'ono kuti ndizimuona.

Anakwera, anaponda mapazi onse pansi, n'kudikira. Ndinaona pagalasi lakutsogolo kuti akudikira. Kenako anakumbukira, analiza injini.

Sindinamuonepo akuyendetsa. Zaka zonsezi ndimaona msana wa jekete ndi m'mbali mwa chisoti. Kumuonera kutali ndi wamng'ono, ndipo kumbuyo kwake kuli malo aakulu opanda kanthu. Makona oyamba ankayenda mouma, ngati munthu wonyamula mazira. Titadutsa mlatho anayamba kumasuka. Anagoneka Maxine pakona ina mpaka ndinagwira mpweya, n'kumudzutsa mosavuta, n'kumugonekanso mbali inayo. Sanayende choncho chaka chino chonse. Bondo lija lilibe vuto ngakhale pang'ono.

Tinakumana ndi gulu la okwera, asanu ndi mmodzi, akupita kumpoto. W. anatsitsa zala ziwiri, mochedwa, sanazolowere. Onse anamuyankha. Langa dzanja linali litatuluka kale pawindo, zala ziwiri kuloza pansi. Anadutsa onse asanu ndi mmodzi, palibe anatembenuka. Ndani apereka moni kwa gogo wokoka kalavani.

Tisanafike ku Brookings msewu umatuluka m'mitengo mwadzidzidzi, nyanja yonse n'kukhala poyera, matanthwe akuda ataima m'madzi. Dzuwa linali pamenepo. Ndinaona dzanja lake lamanzere likuchoka pahandulo. Linapita kumbuyo, pamene pamakhala bondo langa, n'kusisita mphepo kawiri. Linakhala pomwepo kanthawi, lotambasula. Kenako linabwerera pahandulo.

Maso anga anali otsegula, ndinaona zonse, madzi, matanthwe, mbalame. Ndinafinya chiwongolero.